Kodi Nkoyenera Munthu Wokalamba Kuphunzira Kujambula?

Chintheche ndi dera la m'mbali mwa nyanja ya Malawi, m'boma la Nkhata Bay, pafupifupi makilomita 40 kumwera kwa doko la Nkhata Bay. Ndi dziko la Atonga, dziko la mchenga woyera, la chinangwa ndi usipa. Mlendo wofika kumeneko, kapena ku Kande chakumwera pang'ono, sachedwa kukomana ndi anyamata amene ayala zithunzi pansi pa mitengo. Zithunzizo nza mabwato, za nsomba, za akazi osenza mitsuko, ndi za dzuwa likutuluka m'madzi. Anyamatawo amazijambula pa nsalu ndi utoto wogula ku sitoro, ndipo amazigulitsa kwa alendo ochokera ku maiko akutali. Palibe munthu amene amadabwa nao, pakuti ali yense adziwa kuti mnyamata ayenera kupeza ndalama ya sopo ndi mchere.

Koma zingakhale zina munthu wa imvi, amene moyo wake wonse sanagwirepo utoto, atakhala pakhonde tsiku lina ndi kuyamba kujambula. Mbiri yake ingafike kumalire a mudzi dzuwa lisanalowe. Ena angati mutu wayamba kusokonezeka, ena angati wabwerera ku ubwana, ena angangoseka. Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu wokalamba athere masiku ake otsala pa nchito imene sanaiphunzire ali mwana, imenenso kapena siidzampatsa ngakhale tambala imodzi?

Funso limeneli siliri kutali ndi iwo amene akuwerenga kabuku kano. Ambiri a iwo anayamba kugwira pensulo ali kale ndi ana, ena ali ndi adzukulu, ndipo akudziwa manyazi amene amagwira munthu wamkulu pokhala pa benchi ya sukulu anthu akumyang'ana.

MAU A OTSUTSA

Amene amatsutsa si anthu opusa iai, ndipo mau ao ayenera kumveka bwino asanayankhidwe. Mauwo ali patatu.

Poyamba amati chithunzi sichidyedwa. Pa mudzi wa kunyanja nchito siitha. Nkhalamba imene siingathenso kupalasa bwato ikhoza kusoka ukonde, kuluka mono kapena mphasa, kuingitsa nkhuku pa chinangwa choyanika, ndi kuyang'anira ana amao ali kumunda. Manja amene akupaka utoto achoka pa nchito zimenezi, ndipo banja losauka silingataye ngakhale dzanja limodzi.

Kachiwiri amati tsobola wakale sawawa. Luso limalowa m'manja akali ofewa. Munthu wa zaka 70 aona mwa chizimezime, zala zake zinjenjemera; adzangodzivuta, ndipo chimene adzajambule chidzaseketsa ana.

Kachitatu amati kujambula nchinthu chachilendo, cha Azungu ndi cha ana a sukulu. Munthu wamkulu ali ndi ulemu wake, ndipo malo ake ndi pabwalo poweruza milandu. Sayenera kupezeka akusewera ndi dothi.

Mau onsewa ali ndi mbali yake yoona. Koma asanayesedwe nkofunika kuyamba kudziwa nthenda imene imasautsa okalamba ambiri, pakuti munthu sanganene kuti mankhwala ngachabe asanaone wodwalayo.

NTHENDA YOSAONEKA

Dziko la Atonga ndi dziko la anthu a ulendo. Mishoni ya Livingstonia inasamukira ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, m'chaka cha 1881, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, ndipo sukulu zake zinaphunzitsa Atonga kuwerenga ndi kulemba madera ena ambiri asanayambe. Anthu odziwa kalata ndi masamu anafunika kutali. Chotero amuna a dera limeneli anayamba kupita ku Blantyre, ku Salisbury (lero Harare), ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie, wobadwira pafupi ndi Bandawe mu 1896, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anchito ku Cape Town mu 1919, namwalira ku East London mu 1951. Panalinso kampani ya Wenela, imene inkalemba amuna nchito ya m'migodi ndi kuwanyamula pa ndege. Ulendo umenewo unaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a ku Malawi oposa 70. Unayambanso mu 1977 pa dzina la TEBA, nutha mu 1988. Komabe kufikira lero anyamata a m'bomali amapitabe ku South Africa paokha.

Munthu amene anakhalitsa kunja osabwera amatchedwa mtchona. Mtchona akabwerera kwao zitapita zaka 30 kapena 40, apeza kuti mudzi umene anausunga mumtima kulibe. Amake anaikidwa kalekale iye ali kutali. Anzake amene anavina nao malipenga ali kumanda. Mtengo umene ankamangirirapo bwato unagwa, ndipo penapake nyanja inadya gombe. Ana amampatsa moni monga mlendo. Nkhani ali nazo zambiri, koma palibe womfunsa. Ndipo ngati anabwera chimanjamanja, manyazi amamtseka pakamwa.

Palinso mai amene anaika ana ake m'manda. Kuyambira 1985, pamene nthenda ya Edzi inadziwika koyamba m'Malawi, ndipo makamaka m'zaka za m'ma 1990, amai ambiri analira ana ao akuluakulu mmodzimmodzi, natsala ndi adzukulu. Anawalera adzukuluwo ndi khasu lao. Tsopano adzukulu akula, apita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'nyumba muli zii. Maliro amene mai uja analibe nthawi yakuwalira akulera ana, amamdzera tsopano usiku.

Palinso msodzi amene mapewa ake akana nkhafi. Madzulo aona nyali za anzake zikupita pakati pa nyanja kukapha usipa ndi chilimira, iye ali pamtunda. Kale mudzi unkadya ndiwo za m'manja mwake. Lero alandira mbale imene mpongozi wampatsa.

Anthu atatuwa akhoza kukhala ndi kondowole wa tsiku ndi tsiku ndi denga losadontha. Chimene chiwadya ndicho kusungulumwa, pamodzi ndi maganizo akuti iwo salinso kanthu pakati pa anthu. Nthenda imeneyi siipezeka poyesa magazi ku chipatala, koma imachotsa tulo, imachotsa chilakolako cha chakudya, ndipo ena imawatuma ku kachasu.

MMENE KUJAMBULA KUMATHANDIZIRA

Madokotala anazindikira mphamvu ya kujambula poona odwala chifuwa chachikulu. Mu 1938 Mngelezi wina dzina lake Adrian Hill, amene nchito yake inali yojambula, anagonekedwa ndi nthendayo m'chipatala cha ku Midhurst, ku England. Masiku amenewo mankhwala ake kunalibe. Odwala ankangogona miyezi yambiri kudikira kuti mapapo apole okha, ndipo ambiri ankataya mtima. Hill anayamba kujambula tinthu timene ankationa ali pa kama, naona kuti masiku akufupika ndiponso mtima ukupepuka. Atapezako bwino anapemphedwa kuti aphunzitse odwala ena, pamodzi ndi asilikali ovulala ku nkhondo, anthu akuluakulu amene kujambula sikunali nchito yao. Mu 1945 anatulutsa buku lofotokoza zimene anaona, lotchedwa Art Versus Illness. Lero m'zipatala za maiko ambiri muli anthu amene nchito yao ndi kuthandiza odwala mwa njira imeneyi.

Chitsanzo china ndi Winston Churchill, amene anatsogolera Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1915, pa nkhondo yoyamba, anachotsedwa pa udindo woyang'anira zombo za nkhondo, chifukwa cha kugonja kwa ku Dardanelles kumene kunaphetsa anthu ambiri. Anali ndi zaka 40, ndipo anasweka mtima. M'miyezi yomweyo anayamba kujambula, osalekanso kufikira ukalamba wake, nasiya zithunzi zoposa 500.

Nanga m'kujambula muli chiyani chimene chimapepuza mtima? Muli zinthu zitatu.

Choyamba, wojambula ayenera kuyang'anitsitsa. Munthu angakhale pa gombe zaka 60 namayesa kuti nyanja iri ndi mtundu umodzi. Akatenga utoto ndi pamene aona kuti mbandakucha iri ngati phulusa, masana itenga mtundu wa thambo, ndipo mwera ukaomba imada bii, ndi thovu loyera pamwamba. Maso ndi manja zikakhala pa nchito yotere, maganizo aja amene amazungulira malo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo amapumula.

Chachiwiri, chisoni chikakhala m'chifuwa chiribe malire. Munthu saona poyambira pake kapena pothera pake. Chikaikidwa pa pepala chimakhala ndi mbali zinai. Mai amene sangathe kutchula dzina la mwana wake osagwetsa misozi, akhoza kujambula nyumba imene mwanayo anamanga, kapena malaya amene ankakonda kuvala. Achiyang'ana chithunzicho, achiika pakhoma, mawa achiyang'ananso. Pang'ono ndi pang'ono chinthu chimene chinkamzinga usiku chisanduka chinthu chimene iye achigwira m'manja ndi kuchiika pansi pamene wafuna.

Chachitatu, chithunzi chimayamba ndipo chimatha. Nkhalamba imene tsiku lake lonse linali kudikira kuti dzuwa lilowe, imadzuka ndi nchito imene inaisiya dzulo, ndipo ikaimaliza ikhoza kuloza ndi chala chinthu chimene kunalibe, chimene manja ake achipanga.

Komabe pasakhale kunyengana. Utoto suchiza malungo, chifuwa, kapena nthenda ya shuga. Zimenezo nza ku chipatala cha Chintheche kapena cha Nkhata Bay. Ndiponso munthu amene chisoni chamfikitsa pokana chakudya, kapena polankhula zodzipha, abale ake apite naye msanga kwa madokotala. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God chimene chimathandiza odwala maganizo. Kujambula kumayenda pambali pa mankhwala, sikulowa m'malo mwake.

KODI NTHAWI YATHA?

Tsopano mau aja akuti tsobola wakale sawawa ayesedwe ndi zimene zinachitikadi.

Ku America kunali mai wina wa pa famu, Anna Mary Robertson Moses, wobadwa mu 1860. Moyo wake unali wokama ng'ombe, kuphika ndi kulera ana. Atakalamba ankapeta nsalu, koma nyamakazi inaumitsa zala zake kotero kuti singano inamkanika. Ali ndi zaka zoposa 75 anatenga utoto, popeza burashi siivuta kugwira ngati singano, najambula moyo wa kumidzi monga anaudziwira ali mtsikana. Mu 1940 zithunzi zake zinaonetsedwa mu mzinda wa New York, ndipo anthu anamtcha Grandma Moses, ndiko kunena kuti Agogo Moses. Anamwalira mu 1961 ali ndi zaka 101, atajambula zithunzi zoposa 1,500.

Wina angati ameneyo anali Mzungu wa pa famu yake. Tsono pali Bill Traylor, munthu wakuda amene anabadwa ali kapolo ku Alabama, ku America komweko, cha m'ma 1853. Analima m'minda kufikira mphamvu zinatha, napita mu mzinda wa Montgomery, m'mene analibe nyumba. Sukulu sanapiteko. Mu 1939, ali ndi zaka pafupifupi 85, anayamba kujambula atakhala m'mbali mwa mseu, ndi kapensulo, pa makatoni otayidwa. Anajambula agalu, ng'ombe, anthu oledzera ndi anthu okangana, zimene anaziona m'moyo wake wautali. M'zaka zinai zokha anajambula zithunzi zoposa 1,000, ndipo lero zimasungidwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zithunzi.

Ngakhale matchona a ku Malawi anachitapo zofanana ndi zimenezi. Mu 1966, pa famu ya fodya ya Tengenenge ku Rhodesia (lero Zimbabwe), malonda a fodya atavuta, mwini famuyo Tom Blomefield analimbikitsa anchito ake kuti ayese kusema miyala ya m'phiri la pafupi. Ambiri a anchitowo anali ochokera ku Malawi, ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Angola, anthu akuluakulu amene manja ao anazolowera khasu. Zosema zao zinatchuka kufikira ku Ulaya. Kusema ndi kujambula ndi nchito ziwiri, koma phunziro lake ndi limodzi: dzanja limene laumira pa nchito ina likhoza kuphunziranso ina.

Nzoona kuti mnyamata aphunzira msanga kuongola mzere. Koma nkhalamba iri ndi chuma chimene mnyamata sangachigule, ndicho zambiri zimene yaona. Mnyamata ali nalo dzanja, nafunafuna choti ajambule. Nkhalamba yadzala ndi zithunzi, ndipo ingosowa khomo lozitulutsira. Tsono amene waphunzira kulemba dzina lake ali wamkulu wadutsa kale povuta, pakuti chilembo chiri chonse ndi kachithunzi. O ali ngati mkombero wa lichero, ndipo J ali ngati mbedza. Chala chimene chatha kulemba mbedzayo chikhozanso kujambula nsomba yake.

KODI NCHINTHU CHACHILENDO?

M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 amene ali ndi zithunzi pa matanthwe ndi m'mapanga. Zofiira nzakale kwambiri, ndipo zinajambulidwa ndi Akafula, amene anali m'dzikomo Achewa asanafike. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, popaka dothi loyera ndi chala. Zina nza chinamwali cha atsikana, zina nza Nyau. Ofufuza mbiri apeza kuti za chinamwalizo inali nchito ya amai akuluakulu, amene ankaphunzitsa nazo anamwali mwambo. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Chotero pepala ndi burashi ndizo zachilendo. Kujambula kwenikweniko kunali m'dziko Mzungu asanaone nyanja, ndipo kunali m'manja mwa akulu.

Kufikira lero m'midzi yambiri amai pozira nyumba amakongoletsa khoma ndi dothi la mitundumitundu, ndipo woumba amalemba mizere pakhosi pa mbiya yake. Ku Mua, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo otchedwa Kungoni mu 1976, kumene osema ndi ojambula asunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Ndiponso munthu safunika ndalama kuti ayambe. Katondo apatsa utoto wofiira, makala apatsa wakuda, phulusa kapena njereza zipatsa woyera. Dothi likasinjidwa, kusefedwa, ndi kusakanizidwa ndi kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, limamatirira bwino. Kamtengo kotafunidwa kunsonga ngati mswachi ndiko burashi, ndipo nthenga ya nkhuku ilemba mizere yaing'ono. Katoni ya ku golosale, thabwa lakale, kapena khoma la nyumba, zonsezi ndi malo ojambulapo.

CHITHUNZI CHIITANA ANTHU

Patsala mau oyamba aja, akuti chithunzi sichidyedwa. Nzoona. Koma malipenga naonso sadyedwa, chilimika cha pa chaka chatsopano sichidyedwa, nyimbo za pamaliro sizidyedwa. Komabe palibe Mtonga amene anganene kuti nzachabe. Amuna amatha masabata akukonzekera malipenga, kuchapa zovala ndi kukonza zikho zoimbira, chifukwa adziwa kuti anthu ongodya ndi kugona sakhala mudzi. Zinthu zimenezi ndizo zimamanga anthu pamodzi, ndipo chithunzi cha nkhalamba chikhoza kugwira nchito yomweyo.

Msodzi wokalamba akajambula gombe monga linaliri iye ali mnyamata, napachika chithunzicho pakhonde, wodutsa amaima. Mwana afunsa kuti, "Agogo, nanga mtengo uwu uli kuti tsopano?" Mnzake wa msinkhu umodzi afika, ayang'anitsitsa, nati, "Ada, apa mwaphonya. Nyumba ya amfumu inali kuseri kwa thanthwe ilo." Mkangano wokoma uyamba, ena abwera kudzaweruza, mipando ituluka m'nyumba. Munthu amene dzulo panalibe womfunsa kanthu, lero ali pakati akufotokoza. Mai wina azindikira bwato la malemu mwamuna wake m'chithunzimo, nalira. Koma alira pali anthu omtonthoza.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chithunzi chobisidwa m'bokosi chimapumitsa mtima wa mwini wake kanthawi, koma chimamsiya ali yekha monga analiri. Kuchira kwenikweni kumadza pamene chithunzicho chatuluka panja ndi kubweza munthuyo pakati pa anzake. Akale anati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.

Mudzi naonso umapindula. Dera la Chintheche liri ndi mbiri yaikulu imene ana ambiri saidziwa: linga la Mankhambira, kumene Atonga anagonjetsa Angoni m'zaka za m'ma 1870, tchalitchi chakale cha Bandawe ndi manda a amishoni, sitima ya Ilala pamene inali yatsopano mu 1951, mabwato osemedwa ku mitengo ikuluikulu imene tsopano ikusowa. Masiku amenewo makina ojambulira anali osowa kumidzi. Lero anyamata ambiri ali ndi foni yojambulira, koma foni imagwira chokhacho chimene chiripo. Chimene chinapita chingajambulidwe ndi munthu amene anachiona, kapena anachimva kwa makolo ake. Mtchona uja nayenso ali ndi mphatso yoti apereke. Ajambule komboni m'mene ankagona, chikepe chotsikira pansi pa mgodi, ndi manda a anzake amene sanabwereko, kuti anyamata olakalaka Joni aone mbali zonse ziwiri za ulendowo. Amene anabwera chimanjamanja apezeka kuti anabwera ndi katundu m'mutu.

Nkokoma koposa okalamba akamakomana atatu kapena anai, tsiku limodzi pa sabata, pansi pa mtengo wa mango kapena m'kalasi ya sukulu ya kwacha maphunziro atatha. Wina adziwa kumene kuli katondo wabwino, wina maso ake akali akuthwa, wina akumbukira maina. Anyamata ojambula a pagombe akhoza kuitanidwa kudzaonetsa kasakanizidwe ka mitundu, ndipo pobwerera adzatenga nkhani zimene sanazimvepo. Pamenepo wamng'ono waphunzitsa wamkulu, wamkulu waphunzitsa wamng'ono, ndipo palibe amene wataya ulemu.

MISAMPHA YA M'NJIRA

Njira imeneyi iri ndi misampha yake, ndipo woyamba ndi ndalama. Mu 1968, ku Dar es Salaam, Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula nyama ndi mbalame pa timatabwa ndi utoto wopaka njinga, nazigulitsa kwa alendo. Anamwalira mu 1972, koma amene anaphunzira kwa iye anapitiriza, ndipo mabanja ambiri apeza chakudya ndi luso limenelo. Kugulitsa chithunzi si tchimo. Koma wojambulira msika ayenera kujambula chimene wogula afuna, ndipo akapeza chithunzi choyenda malonda amachibwereza kambirimbiri. Nkhalamba ikayamba kufunsa kuti mlendo adzakonda chiyani, yaleka kufunsa mtima wake, ndipo mankhwala aja asukuluka. Tsiku limene alendo sadzabwera idzadziona yopanda pake kuposa kale. Ndalama ikadza ilandiridwe, koma isakhale muyeso.

Msampha wachiwiri ndi kuthawa udindo, ndipo apa otsutsa aja ananena zoona. Agogo amene asiya mdzukulu akulira, kapena ajomba kumaliro poopa kuti utoto ungaume, asandutsa mankhwala kukhala nthenda. Kujambula kutenge maola amene kale anali a kukhala duu ndi kudandaula; nchito za banja zikhale pamalo pake.

Wachitatu ndi kujambula zochititsa ena manyazi. Chithunzi chimakhalitsa kuposa mau. Zinsinsi za mwambo, kapena cholakwa cha mnansi chimene bwalo linaweruza kale, siziyenera kupachikidwa pakhonde. Chithunzi chimene chigawa mudzi chataya nchito yake.

Msampha wotsiriza amatchera ndi anthu ena, ndiwo kuseka. Munthu wamkulu akasekedwa kamodzi sabwerezanso. Amangobisa pepala lake ndi kubwerera m'chete muja. Mwana amene aseka chifukwa mwendo wa ng'ombe wapindika m'chithunzi cha agogo ake, alangizidwe kuti afunse za ng'ombeyo: inali ya yani, ndipo inatha bwanji. Aphunzitsi, akulu a mpingo ndi mafumu akhoza kuthandiza popanda kutaya chuma. Kalendala yakale iri ndi kuseri koyera, choko chotsala chikhoza kuperekedwa, ndipo khoma la kalasi liri ndi malo a chithunzi chimodzi cha munthu wa m'mudzi momwemo.

YANKHO

Tsono funso lija liyankhidwe. Nkoyenera ndithu kuti munthu wokalamba aphunzire kujambula, malinga asasiye nchito zimene banja liyembekeza kwa iye, asapweteke nako mnzake, ndiponso asabise chimene wajambula. Zaka sizimletsa, monga Agogo Moses ndi Bill Traylor anaonetsa. Mwambo sumletsa, pakuti matanthwe a Chongoni achitira umboni. Umphawi sumletsa, popeza katondo ndi makala ziri paliponse.

Chithunzi cha nkhalamba chisayesedwe ndi mtengo wake pamsika, kapena ndi kuongoka kwa mizere yake. Mafunso oyenera ndi awiri: kodi mwini wake wagona tulo usiku uno, ndipo kodi pakhomo pake pafika munthu wodzacheza? Zimenezi zikachitika, chithunzicho chagwira nchito yake yonse, ngakhale chiswe chitadya katoniyo chaka chisanathe.

Ndipo chimene chidzapulumuka ku chiswe chidzakhala ndi nchito ina mtsogolo. Mau a akulu akoma akagonera. Zithunzi zao nazonso ziri chimodzimodzi. Mdzukulu amene lero alibe nazo kanthu adzakhala wa imvi tsiku lina, nadzafuna kudziwa kumene anachokera. Pamenepo adzatsitsa kathabwa kaja pakhoma, adzakapukuta fumbi, nadzaitana ana ake kuti adzaone gombe la agogo ao.